KASAMALIDWE KA MALUWA A CYMBIDIUM, NDI MAU ENA PA ZA CHINAKA CHA PA NYIKA

Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano waukulu wa Bungwe pa Boma la Rumphi, ndi mlendo amene wakhala zaka zambiri pa nchito ya maluwa. Komiti inagwirizana kuti mau ache alembedwe mu lipoti lino, kuti mamembala akutali, monga a ku Mlowe, ku Hewe ndi ku Phoka, amene analephera kufika chifukwa cha kubvuta kwa miseu, awerenge naonso.

Kumene duwali linachokera

Atapereka ulemu kwa Wapampando, kwa mafumu ndi kwa onse osonkhana, wolankhula ananena kuti anthu a boma lino ayenera kudziwa maluwa a fuko lotchedwa orchid koposa anthu a maboma ena, pakuti akatswiri a zomera awerenga mitundu yoposa 400 ya maluwawa m'Malawi monse, ndipo yoposa 200 mwa iyo imamera pa Nyika. Koma Cymbidium, limene mamembala ena ayamba kusunga m'miphika pa makomo pao, siliri m'gulu limeneli. Ilo ndi mlendo. Kwao ndi ku Asia, kuyambira m'mapiri a Himalaya, kupyola ku Myanmar, China ndi Japan, kufikira kumpoto kwa Australia, ndipo mitundu yache yakuthengo ipitirira 50. Dzinali linaperekedwa m'chaka cha 1799 ndi Olof Swartz wa ku Sweden, ndipo lichokera ku liu la Chigriki lotanthauza bwato, chifukwa mlomo wa duwa uli wofukuka ngati kabwato. M'chaka cha 1889 alimi a maluwa a kwa Veitch ku England anaonetsa Cymbidium loyamba lobadwa pokwatitsa mitundu iwiri, ndipo kuyambira pamenepo akwatitsidwa ochuluka kwambiri. Amene amagulitsidwa masiku ano pafupifupi onse ndi okwatitsa otere.

Chofunika kukumbukira ndi ichi, kuti makolo a maluwa akuluakulu aja anali a m'mapiri, kumene usana kuli dzuwa lowala ndipo usiku kumazizira, ndi kuti ambiri a iwo sanali kumera m'dothi ai, koma pa nthambi za mitengo ndi pa matanthwe, pamene pagwera masamba oola. Munthu akamvetsa zinthu ziwirizi, malamulo ena onse a kasamalidwe amveka okha.

Malo oyenera m'boma lino

Boma la Rumphi liri ndi maiko atatu m'kati mwache. Kuli nyanja, kuli chigwa cha Henga ndi Nkhamanga, ndipo kuli mapiri. Cymbidium silitulutsa phesi la maluwa ngati silinaone usiku wozizira, wa madigiri apakati pa 10 ndi 14, kwa masabata angapo mvula ikamapita kumapeto. Chifukwa chache ku Chiweta ndi ku Mlowe lingathe kukhala ndi moyo ndi kuchuluka masamba, koma mwini wache adzadikira maluwa pachabe. Pa Boma ndi ku Bolero litheka, koma lifuna mthunzi wabwino ndi madzi okwanira m'mwezi wa October ndi November. Kumene likondwera kwenikweni ndi ku Livingstonia, ku Nchenachena, ku Mphompha ndi m'mapiri a Phoka. Mwachidule, kumene khofi achita bwino, ilonso lichita bwino. Pamwamba penipeni pa Nyika, monga ku Chelinda, bvuto ndi lina: chisanu cha June ndi July chimene chimaumitsa mame pa udzu chimapsereza maluwa usiku umodzi, kotero kuti kumalo otero mphika uyenera kulowetsedwa pakhonde dzuwa likamalowa.

Duwali likhale panja, pamene pali mphepo yoyenda, pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali kapena pansi pa chisakasa cha nsungwi zong'amba, kuti lilandire dzuwa la m'mawa ndi kubisika ku dzuwa la masana. Masamba ndiwo amauza mwini ngati malo ali bwino. Akakhala obiriwira modera, okongola ngati a chimanga cha feteleza, ndiye kuti mthunzi wachuluka ndipo maluwa sadzabwera. Akakhala obiriwira motuwira pang'ono, kupita kuchikasu, ndiye kuti kuwala kwakwana. Akachita zipsera zakuda pamwamba, dzuwa lanyanya.

Nthawi yosintha mphika

Patsinde pa Cymbidium pali mitu yofufuma yonga anyezi, mmene limasungamo madzi ndi chakudya. Chaka ndi chaka mutu watsopano umaphuka pambali pa wakale, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mitu imafika kumlomo kwa mphika, mizu niyamba kutuluka pamwamba kapena kung'amba mphikawo. Pa nthawi yomweyo makungwa a m'kati amakhala ataola ndi kusanduka matope, madzi nayamba kuchedwa kutuluka. Zizindikiro ziwirizi ndizo ziitana mwini kuti asinthe mphika. Kusintha chaka chiri chonse nkulakwa, pakuti duwali limakonda kupanikizika pang'ono, ndipo likasokonezedwa kawirikawiri limaleka kuchita maluwa.

Kuno kumwera kwa Equator maluwa ache amaoneka m'nyengo yachisanu ndi poyamba pa chirimwe, kawirikawiri kuyambira June kufikira September, ndipo phesi limodzi limakhala ndi maluwa masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Nthawi yosintha mphika ndiyo pamene maluwa angofota kumene, mphukira zatsopano zikali zazifupi. Amene achedwa kufikira pakati pa dzinja amathyola mizu yanthete imene yayamba kale kuyenda, ndipo mabala amabvunda ndi chinyezi. Amene asintha phesi litatuluka amataya maluwa a chaka chimenecho.

Zoika mu mphika

Wolankhula anabwereza kawiri kuti Cymbidium ambiri amene amafa m'manja mwa anthu amafa ndi dothi la kudimba. Dothi limatseka mpweya, mizu nibvunda, ndipo pamene masamba ayamba kufota mwini amayesa ludzu naonjezera madzi, ndiye wamaliza. Chofunika ndi zinthu zokhakhala zimene zisunga chinyezi pang'ono ndi kulola madzi kupita msanga. Zonse zipezeka pafupi: makungwa a paini ouma ochokera kwa ocheka matabwa, oswedwa kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, makala a nkhuni otsuka, osachotsedwa pa moto wothiridwa palafini, ndi zibenthu za njerwa yootcha kapena miyala yaing'ono. Muyeso wabwino ndi mbale zitatu za makungwa, imodzi ya makala ndi imodzi ya zibenthu, ndipo kumalo otentha munthu angaonjezeko dzanja limodzi la masamba oola bwino. Makungwa ayenera kubviikidwa m'madzi masiku awiri kapena atatu asanagwire nchito, ndi kusefedwa kuti fumbi lichoke. Utuchi suyenera, pakuti umagwirana ngati phala.

Mphika ukhale wakuya, chifukwa mizu ya duwali ndi yonenepa ndi yaitali. Wadothi woumba amai a kumudzi uli bwino koposa, popeza umapuma ndi kuziziritsa mizu, koma woumbayo auzidwe kuti aboole mabowo anai kapena asanu pansi usanaotchedwe. Ndowa yakale ya pulasitiki itheka ikabooledwa mokwanira. Chitini chachitsulo chimatentha ndi dzuwa ndi kuchita dzimbiri. Kukula kwache kukhale kongolola malo a zala zitatu pakati pa mutu watsopano ndi mlomo wa mphika. Mphika waukulu kwambiri umasunga madzi amene mizu singathe kumwa.

Kachitidwe kache

Poyamba mwini agoneke mphika chammbali ndi kuugogoda kufikira duwa litatuluka. Ngati lakana, ndi bwino kuswa mphika kusiyana ndi kukoka masamba. Kenaka achotse makungwa onse akale ndi zala, nayang'ane mizu. Yamoyo ndi yoyera ndi yolimba. Yakufa ndi yakuda, yofewa, ndipo ikafinyidwa imasiya kaulusi m'kati. Yakufa yonse idulidwe, ndipo ngati mizu yalukana kwambiri palibe choopsa kudula gawo limodzi mwa magawo atatu a kunsi.

Ngati mwini afuna duwa lalikulu la mapesi ambiri, alibwezere lonse mu mphika wokulirapo. Ngati afuna kugawa, apinde tsinde ndi manja kuti aone pamene ligawanika lokha, nadule pamenepo. Gawo liri lonse likhale ndi mitu ya masamba itatu kapena inai. Apa ndi pamene umbombo umaononga, pakuti munthu wofuna miphika khumi pa tsinde limodzi amagawa mutu umodziumodzi, ndipo amakhala zaka zitatu osaona duwa ndi limodzi lomwe. Mabala apakidwe ufa wa makala kapena wa sulphur, ndipo zigawozo zigone pamthunzi tsiku limodzi kuti mabala aume.

Pobzala, aike mapale kapena zibenthu pansi, natsamiritse mutu wakale kumbali ya mphika kuti mphukira yatsopano iyang'ane pakati pamene pali malo. Athire makungwa pakati pa mizu, akugwedeza mphika ndi kutsendera ndi kamtengo, kufikira duwa litaima losagwedezeka. Mitu isakwiriridwe, kunsi kwache kokha ndiko kulowe, ngati msinkhu wa chikhadabo. Kwa masabata awiri kapena atatu likhale pamthunzi wabwino, likuwazidwa madzi pamasamba ndi kuthiriridwa pang'ono chabe, ndipo lisalandire feteleza kufikira mizu yatsopano itaoneka.

Mitu yakale imene inayoyoka masamba isatayidwe ngati ikali yolimba. Isendedwe makoko ouma ndi kuimikidwa mu mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu yambiri imatulutsa mphukira. Duwa lotere limafuna ngati zaka zitatu kuti lichite maluwa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo iyi ndiyo njira yotsika mtengo imene membala mmodzi angagawire anzache mbeu.

Kusamala kwa chaka chonse

M'chirimwe duwa lithiriridwe kawiri kapena katatu pa sabata, m'mawa, ndi madzi ambiri mpaka atuluke pansi. M'nyengo yachisanu kamodzi pa sabata kangakwane. Chala ndicho muyeso: ngati m'kati mwa makungwa mukali chinyezi, mwini adikire. M'dzinja mphika usakhale pansi, koma pa njerwa kapena pa thandala, kuti madzi asaime, ndiponso kuti chiswe ndi nyongolotsi zisalowe, pakuti chiswe chikapeza makungwa a paini chimamanga nyumba m'menemo ndi kudzaza mphika ndi dothi.

Chakudya chikhale chochepa ndi chobwerezabwereza. Supuni yaing'ono imodzi ya feteleza yosungunula m'malita 10 a madzi, kamodzi pa masabata awiri pamene mphukira zikukula, ndi yokwanira. Ndipo amene alibe feteleza abviike ndowe yakale ya ng'ombe ndi kusungunula madziwo kufikira atafanana ndi tiyi wosalowerera. Kuwaza urea wa m'munda wa chimanga pamwamba pa makungwa kumapsereza mizu. Kamodzi pa mwezi athire madzi okhaokha ambiri kuti mchere wa feteleza utsukike, ndipo mvula ikamatha achepetse chakudya kuti duwa lileke kukula masamba ndi kuyamba kukonza phesi.

Phesi likatuluka limangiriridwe ku kansungwi ndi luzi lofewa likali lanthete. Kuyambira pamenepo mphika usatembenuzidwe, chifukwa maluwa amatsata kuwala ndipo amapotoka. Nkhono zimadya phesi usiku, ndipo mankhwala ache ndi kuzitola ndi nyali. Tizirombo tonga nkhanambo tomamatira kunsi kwa masamba tipukutidwe ndi kansalu ka madzi a sopo, ndipo tiakangaude tofiira timene timachuluka m'chirimwe timachepa masamba akamatsukidwa kunsi kwache.

Matenda oopsa koposa ndi a tizirombo tosaoneka totchedwa virus, amene amachita mawanga ndi mizere yachikasu kapena yakuda pamasamba. Limodzi la matendawa ndi la fuko limodzi ndi lija alimi a fodya a ku Henga ndi Nkhamanga amalidziwa, lochita mawanga pa tsamba la fodya. Alibe mankhwala, ndipo amayenda pa mpeni ndi pa manja. Chifukwa chache mpeni upititsidwe pa lawi la moto usanakhudze duwa lina, manja asambidwe ndi sopo, ndipo duwa lodwala litenthedwe pamodzi ndi makungwa ache, lisapatsidwe kwa mnansi.

Za maluwa a pa Nyika

Atatha izi wolankhula anatembenukira ku nkhani imene anati ndiyo yolemera. Maluwa a orchid a pa Nyika, monga a mafuko a Disa, Satyrium ndi Habenaria, amene amakongoletsa madambo ndi zitunda m'mwezi wa January ndi February, ali osiyana ndi Cymbidium, pakuti iwo amamera m'nthaka ndipo ali ndi timbatata pansi. Timbatata timeneti ndito chinaka, chimene anthu a chigawo chapakati amati chikande ndipo a ku Zambia amati chikanda. Amai amatisinja, nasakaniza ndi nsinjiro, chidulo, mchere ndi tsabola, naphika kufikira zitalimba ngati nyama. Ndi ndiwo ya makolo, ndipo palibe manyazi pa iyo.

Chasintha ndi kuchuluka kwa okumba. Kale mai ankakumba zokwanira mphika wa banja lache. Koma chikanda chitakondedwa m'mizinda ya Zambia, monga Lusaka ndi ku Copperbelt, madambo a kumeneko anayamba kutha, ndipo amalonda anatembenukira ku maiko oyandikana nao. Kufufuza kumene kunasindikizidwa m'chaka cha 2003 kunaonetsa kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinali kuoloka chaka chiri chonse kuchokera kumapiri a kumwera kwa Tanzania kupita ku Zambia, kudzera pa Tunduma ndi Nakonde. Boma la Tanzania linakhazikitsa Kitulo National Park m'chaka cha 2005 makamaka chifukwa cha maluwa ache. Nyika iri m'malire a Zambia, ndipo okumba afika kale.

Duwa lotere limakhala ndi kambatata kamene likudya chaka chino, ndipo limakonza kena ka chaka chamawa. Wokumba akachotsa katsopanoko, duwalo latha. Njere zache ndi zazing'ono ngati fumbi, zopanda chakudya m'kati, ndipo sizimera pokhapokha zitakomana ndi bowa wina wosaoneka ndi maso amene amakhala m'nthaka ya pomwepo. Ngakhale zitamera, pamapita zaka duwa lisanakule. Ichi ndicho chifukwa chache dambo lokumbidwa zaka zotsatizana limakhala udzu wokhawokha, ndiponso ndicho chifukwa chache munthu wozula duwa la pa Nyika kuti akabzale mu mphika pakhomo amaliona likufa. Cymbidium limagawidwa ndi kuchuluka m'manja mwa munthu. La pa Nyika likazulidwa silibwerera.

Nyika inakhala National Park yoyamba ya dziko lino m'chaka cha 1965, ndipo inakulitsidwa m'chaka cha 1978 kufikira pafupifupi masikweya kilomita 3,200. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene zilango zache zinaonjezedwa mu 2017, limaletsa kukumba kapena kuchotsa chomera m'menemo popanda chilolezo, ndipo pangano la maiko la CITES, limene Malawi analowamo mu 1982, limayang'anira malonda a maluwa a orchid odutsa malire. M'chaka cha 2023 Boma linapangana ndi Peace Parks Foundation kuti ayendetse pamodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Mnyamata kapena mai wogwidwa ndi thumba la chinaka m'paki amakumana ndi mlandu, pamene wamalonda amene anamtuma ali kutali ndipo phindu lalikulu liri m'thumba mwache.

Mafunso

Mai wina wachikulire wa ku Phoka anaimirira nati: "Adada Wapampando, ife anatisamutsa ku mapiri aja pamene paki inakula, ndipo chinaka tinkadya tisanamve za malamulo. Kodi maluwa a m'miphikawa tidzadyera nsima?" Wolankhula anayankha kuti, "Amama, mwanena zoona. Cymbidium sadya, ndipo kusamutsidwa kwa midzi mu 1978 ndi bala limene silinapole." Anapitiriza kuti iye sanadze kudzalonjeza chuma, pakuti duwali limachedwa, ndipo ogula ache, amene ali mahotela, maukwati ndi nyumba za m'tauni ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi owerengeka. Koma anati mdani wa mphika wa amaiwo ndiye wokumba matumba a malonda, chifukwa akatha madambo a kunja kwa paki ndi a m'kati momwe, iye adzapita kwina, ndipo adzukulu a amaiwo sadzadziwa kukoma kwa chinaka. Anapempha kuti m'madambo a m'midzi mafumu aike lamulo lakuti anthu akumbe njere zitayoyoka, asiye maluwa ena osakhudza, ndi kupumitsa dambo zaka zingapo.

Membala wa ku Mlowe anafunsa ngati a kunyanja alibe duwa lao. Yankho linali lakuti alipo mbale wa Cymbidium wa kuno ku Africa, dzina lache Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawanga ngati nyalugwe, amene amamera pa mitengo m'malo otentha ndipo amasamalidwa ndi makungwa ndi makala momwemo. Koma mbeu yache ipemphedwe kwa amene ali nayo kale pakhomo, osati kukanganula pa mitengo ya kuthengo. Wina anafunsa za kubwera ndi Cymbidium kuchokera ku Johannesburg, ndipo anauzidwa kuti ayambe wapeza chilolezo kwa a Zamalimidwe, pakuti chomera cholowa mobisa chingalandidwe pa chipata, ndipo chingabweretse matenda.

Pomaliza msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri: kuti mamembala amene ali ndi Cymbidium asunge mitu yakale pa nthawi yosintha miphika mu September ndi kuipereka kwa Mlembi kuti igawidwe kwa ofuna kuyamba, ndi kuti Komiti ikaonane ndi mafumu a midzi yozungulira Nyika pa nkhani ya madambo a chinaka mvula isanayambe, ndi kubweretsa yankho lao pa msonkhano wotsatira.